Mafunso ndi mayankho: kusankha pulosesa yoyenera ndalama zanu pomanga kompyuta ya patebulo

Amene akudzimangira kompyuta ya patebulo koyamba amakhalitsa pa funso la pulosesa (CPU, ubongo wa kompyuta) kuposa pa chipangizo china chilichonse. N'zomveka, chifukwa dzina lake ndi limene limatchulidwa wina akafunsa kuti makina anu ndi otani. Koma pulosesa siigwira ntchito yokha, ndipo siigulidwanso yokha. Imabwera ndi zofuna zake: motherboard (board imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya soketi yake, RAM (memori yogwirira ntchito) ya mtundu wake, ndi choziziritsira chokwanira kutentha kwake. Mayankho ali m'munsiwa akuchokera pamenepo.

Kodi pulosesa yopindulitsa ndi imene ili yotchipa kuposa zonse?

Ayi. Yopindulitsa ndi imene ikukugwirirani ntchito yanu bwinobwino popanda kudya ndalama zimene zikanathandiza kwambiri pa chipangizo china. Ndalama zimatayika m'njira ziwiri. Ena amagula yofooka kwambiri, chaka chikangotha n'kumasakanso ina. Ena, makamaka okonda makompyuta, amagula yamphamvu mopitirira muyeso, mphamvu zakezo n'kumangokhala osagwiritsidwa ntchito, pomwe graphics card (khadi yojambula zithunzi za pa sikirini) ndi yofooka ndipo Windows ili pa hard disk yakale yozungulira ija.

Powerengera, musalembe mtengo wa pulosesa pawokha. Lembani zinayi pamzere umodzi: pulosesa, motherboard, RAM ndi choziziritsira, kenako phatikizani. Chiwerengero chotulukacho ndiye mtengo weniweni wa chisankho chanu. Mapulosesa awiri osiyana pang'ono pa mtengo amatha kusiyana kwambiri mukaphatikiza zinayizo, chifukwa ina ikufuna board yodula ndi choziziritsira chogula padera, pomwe inzake ikukhutira ndi board wamba ndipo fani yake ili kale m'bokosi.

Ndisanayambe kuyang'ana mayina, ndiyambire pati?

Pa ntchito imene makinawo azigwira tsiku ndi tsiku, osati imene mukuganiza kuti mwina tsiku lina mudzaiphunzira.

Ngati ndi kulemba, kuwerengera ndalama mu Excel, kulowa pa intaneti, misonkhano ya pa vidiyo ndi kuonera mafilimu, pulosesa yamakono ya ma core 4 (antchito anayi a mkati mwake) yokhala ndi graphics yake mkati ikukwanirani, ndipo simudzaimva kulemedwa. Ngati ndi magemu, ma core 6 ndi pamene pali phindu lalikulu pa ndalama. Ngati mumakonza mavidiyo ataliatali, kupanga zithunzi za 3D mu Blender, kapena kuyendetsa ma virtual machine (makompyuta oyerekezera oyenda mkati mwa kompyuta yanu) angapo nthawi imodzi, pamenepo ma core 8 kapena kuposerapo amabweza ndalama zake, chifukwa amakudulirani nthawi yodikira tsiku lililonse. Munthu amene nthawi yake ndi ndalama ali ndi chifukwa chogulira zodula. Ena tonsefe tilibe.

Ndimaona manambala a GHz. Kodi yaikulu GHz ndiyo yothamanga?

Pokhapokha ngati mukuyerekeza mapulosesa a m'badwo umodzi, a kampani imodzi. GHz imangonena kuti pulosesa ikugunda kangati pa sekondi, ndipo 1 GHz ndi kugunda ka biliyoni imodzi. Siinena kuchuluka kwa ntchito imene ikugwiridwa pa kugunda kulikonse. Mwana amene akuponda pafupipafupi akhoza kusiyidwa ndi wamkulu wa miyendo italiitali amene akuyenda modekha. Kutalika kwa mwendoko akatswiri amakutchula kuti IPC, kutanthauza kuchuluka kwa ntchito yogwiridwa pa kugunda kulikonse.

Mbiri ya makompyuta inaonetsa kale zimenezi. Pentium 4 ya Intel inafika pa 3.8 GHz mu 2004, koma Core 2 Duo imene inatuluka mu 2006, yosafika n'komwe pa 3 GHz, inaisiya kutali. AMD nayo inatulutsa FX-9590 mu 2013, yofika pa 5 GHz ndipo yodya magetsi okwana 220W, koma m'magemu inkagonja kwa mapulosesa a Intel a GHz yocheperapo.

Dziwaninso kuti pa bokosi pamalembedwa manambala awiri, base ndi boost. Ya boost ndi liwiro limene pulosesa imafikapo ntchito ikalemera, bola ikuzizira bwino ndipo board ikuipatsa magetsi okwanira. Nthawi zambiri nambala yapamwamba kwambiriyo imafikidwa ndi core imodzi kapena awiri okha, osati onse pamodzi.

Nanga ma core ndi ma thread ndi chiyani, ndipo ndikufunika angati?

Core ili ngati wantchito mmodzi mkati mwa pulosesa. Mutu umodzi susenza denga, choncho antchito ambiri ndi abwino, koma pa ntchito yokhayo imene ingagawidwe. Kumasulira vidiyo kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina kumagawika bwino: mukawirikiza ma core, nthawi imachepa kwambiri. Koma ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo mbali yaikulu ya magemu, zimadalira liwiro la ma core ochepa. N'chifukwa chake pulosesa ya ma core 16 siithamangitsa gemu kawiri kuposa ya ma core 8, ndipo nthawi zambiri kusiyana kwake sikuoneka n'komwe ndi maso.

Thread ndi njira yolola core imodzi kugwira ntchito ziwiri mosinthanitsa, kuti isamakhale chete ikamadikira deta. Intel amaitcha Hyper-Threading, AMD amaitcha SMT. Imathandiza, koma ma thread 12 pa ma core 6 si chimodzimodzi ndi ma core 12 enieni.

Pali msampha wina pano. Kuyambira m'badwo wa 12, umene unatuluka kumapeto kwa 2021, Intel anayamba kusakaniza ma core a mitundu iwiri: ma P-core amphamvu ndi ma E-core aang'ono osadya magetsi ambiri. Core i5-13400 imalembedwa kuti ili ndi ma core 10, koma 6 okha ndiwo amphamvu, 4 enawo ndi aang'ono. Aang'onowo si achabechabe, amathandiza ndithu pa ntchito zogawika ndi pa mapulogalamu oyenda kuseri, koma musawawerenge ngati ofanana ndi akuluakuluwo mukamayerekeza ndi ma Ryzen, mapulosesa a AMD.

Ndapeza i7 yakale yotchipa kuposa i3 yatsopano. Si i7 imene ili yabwino?

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Mawu oti i3, i5, i7 ndi i9, kapena Ryzen 3, 5, 7 ndi 9, amangonena malo a pulosesa pakati pa anzake a m'badwo womwewo. Sanena kanthu mukadumpha zaka. Core i7-2600 ya 2011, Core i7-7700 ya 2017 ndi Core i3-12100 ya 2022 zonse zili ndi ma core 4 ndi ma thread 8, koma i3 yatsopanoyo imaziposa ziwiri zinazo mosakayikitsa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: wogulitsa akangolemba kuti i7 osatchula nambala yonse, funsani nambalayo.

Kawerengedwe kake sikovuta. Pa Core i5-12400, 12 ndi m'badwo, ndipo 400 ndi malo ake m'banjamo. Pa Ryzen 5 7600, 7 woyamba pa nambala yaitaliyo akusonyeza gulu la 7000. Koma nambala yokulirapo siitanthauza nthawi zonse kapangidwe katsopano. M'badwo wa 14 wa Intel ndi wa 13 womwewo wowonjezeredwa liwiro pang'ono, ndipo ma Ryzen 8000G amagwiritsa ntchito kapangidwe ka Zen 4, kofanana ndi ka ma Ryzen 7000.

Zilembo zakumapeto zija, monga K, F, X ndi G, zimatanthauza chiyani?

Kwa Intel, K ndi pulosesa yotseguka imene mungaikweze liwiro nokha, ndipo siibwera ndi choziziritsira. F ilibe graphics mkati, choncho imafuna graphics card. KF ndi ziwirizo pamodzi. T ndi yosadya magetsi ambiri, yopangidwira timakompyuta ting'onoting'ono ta mu ofesi. Kwa AMD, X ndi yothamangirapo pang'ono kuposa inzake yopanda chilembo, G ili ndi graphics yamphamvu mkati, F ilibe, ndipo X3D ili ndi cache (memori yothamanga ya mkati mwa pulosesa) yochuluka.

Kwa wofuna kusunga ndalama, mapulosesa opanda K ndi opanda X ndiwo amakhala abwino kawirikawiri. Ryzen 5 7600 ndi 7600X zili ndi ma core ofanana ndi cache yofanana. Yoyambayo ndi ya 65W ndipo imabwera ndi fani, yachiwiriyo ndi ya 105W ndipo fani mugula nokha. Kusiyana kwa liwiro lawo n'kochepa kwambiri moti simungakuzindikire popanda pulogalamu yoyezera.

Intel kapena AMD?

Kampani si timu ya mpira yoti muziichemerera. Pa zaka makumi awiri zapitazi makampani awiriwa akhala akusinthana kutsogola, ndipo amene anali pamwamba pamene mnzanu ankagula makina ake mwina si amene ali pamwamba lero. Yerekezani pulosesa ndi pulosesa, pa mtengo wa zinayi zija.

Zina zimene zingakuthandizeni kupendekera mbali imodzi: pa magemu, ma X3D a AMD akhala akutsogola, ndipo AMD ali ndi mbiri yosunga soketi imodzi nthawi yaitali. Mapulosesa apakati a Intel amakhala ndi ma core ochulukirapo chifukwa cha ma E-core aja, ndipo graphics yawo yamkati ili ndi Quick Sync, imene imathandiza kwambiri mapulogalamu okonzera mavidiyo.

Soketi ndi chiyani, ndipo bwanji anthu amaikamba kwambiri?

Soketi ndi malo a pa motherboard pamene pulosesa imakhala. Pulosesa iliyonse imalowa mu soketi ya mtundu umodzi wokha, ndipo palibe kukakamiza. Amaikamba kwambiri chifukwa ndi imene imanena ngati m'tsogolo mungasinthe pulosesa yokha kapena mudzasintha zonse.

Soketi ya AM4 ya AMD ndiye chitsanzo chotchuka. Ma Ryzen oyamba anatuluka pa soketi imeneyi mu 2017, ndipo inapitirira mpaka ma Ryzen 5000. Anthu ambiri amene anagula board mu 2017 anatha kuikamo Ryzen 7 5800X3D ya 2022 atangosintha BIOS, pulogalamu ya mu board imene imayatsa makina. AM5 inabwera mu 2022 ndi ma Ryzen 7000, yalandiranso 8000G ndi 9000, ndipo AMD analonjeza kuisunga mpaka 2027 kapena kupitirira. Intel amasintha pafupipafupi: LGA1200 inanyamula mibadwo ya 10 ndi 11, LGA1700 inanyamula ya 12, 13 ndi 14, ndipo ma Core Ultra 200S a 2024 anabwera ndi LGA1851.

Komabe dzifunseni moona mtima ngati mudzasinthadi pulosesa. Anthu ambiri amamanga makina, kuwagwiritsa ntchito zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kenako n'kusintha pulosesa, board ndi RAM pamodzi. Ngati ndinu wotero, kulipira zambiri lero chifukwa cha soketi ya m'tsogolo n'kugula khomo limene simudzalowerapo.

Ndiye kumanga pa AM4 kapena LGA1700 lero n'kulakwa?

Si kulakwa, makamaka ngati muli kale ndi RAM ya mtundu wakale wa DDR4 kapena thumba ndi lopyapyala. Ryzen 5 5600 ndi Core i5-12400F, zonse za ma core 6, ma thread 12 ndi 65W, zinatuluka mu 2022 ndipo zinatchuka pachifukwa chomveka: zimanyamula graphics card yapakati popanda kuibweza m'mbuyo, zimayenda pa board zotchipa, ndipo fani ya m'bokosi imazikwanira. Chimene mukuluza ndi tsogolo la soketi basi.

Samalani ndi RAM. AM4 imalandira DDR4 yokha, AM5 ndi LGA1851 zimalandira DDR5 yokha. LGA1700 imatha zonse ziwiri, koma board iliyonse inapangidwira mtundu umodzi, ndipo DDR4 siilowa m'malo a DDR5 chifukwa kampata kake kali pena. Mitengo ya RAM imakwera ndi kutsika kwambiri, choncho musangoganiza kuti yakale ndi yotchipa. Onani mitengo ya tsiku limene mukugula.

Ndigule yokhala ndi graphics mkati kapena yopanda?

Choyamba, dziwani ichi, chifukwa chaliritsa ambiri omanga koyamba: madoko a HDMI ndi DisplayPort a pa motherboard amagwira ntchito pokhapokha pulosesa ili ndi graphics mkati. Mukaika Ryzen 5 5600 kapena Intel ya F popanda graphics card, mafani azizungulira, magetsi ayaka, koma sikirini ikhala yakuda bii.

Ngati simugula graphics card, mukufunika Intel yopanda F, Ryzen ya G, kapena Ryzen 7000 ndi 9000 zopanda F. Zomalizazi zili ndi graphics yaing'ono, yokwanira ntchito za mu ofesi ndi mavidiyo koma osati magemu olemera. Ma 8600G ndi 8700G ndiwo ali ndi graphics yotha kusewera magemu ambiri pa 1080p (mlingo wa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi) mutatsitsa zokongoletsa. Graphics yamkati ilibe memori yakeyake, imabwereka pa RAM, choncho imafunitsitsa timitengo tiwiri ta RAM yothamanga. Ndi kamtengo kamodzi, liwiro lake m'magemu limatsika kwambiri.

Ngati graphics card mugula ndithu, musagule ya G poganiza kuti mwapeza zonse ziwiri. Ryzen 5 5600G ili ndi cache ya L3 ya 16MB ndipo imalumikizana ndi graphics card kudzera pa PCIe 3.0, pomwe Ryzen 5 5600 ili ndi 32MB ndi PCIe 4.0. Mayina akufanana, koma mukaziika ndi graphics card yofanana, yopanda G imapambana m'magemu. Ryzen 5 5500 nayo ndi m'bale wa 5600G wozimitsidwa graphics, osati 5600 yochepetsedwa pang'ono monga dzina likunamizira.

Kwa Intel, ngati kusiyana kwa mtengo pakati pa ya F ndi yopanda F kuli kochepa, ine ndingatenge yopanda F. Tsiku limene graphics card idzavute, mudzathabe kuyatsa makina n'kufufuza vuto.

Cache imeneyi ndi yofunika bwanji? Ma X3D ndi oyenera mtengo wake?

Cache ndi memori yaing'ono koma yothamanga kwambiri imene ili mkati mwa pulosesa momwemo. Deta ikapezeka pafupi, core siidikira kuti ichokere ku RAM. Mu 2022 AMD anasanjikiza cache yowonjezera ya 64MB pa Ryzen 7 5800X3D, yonse n'kukwana 96MB, ndipo magemu ambiri anathamanga modabwitsa. Ma 7800X3D a 2023 ndi 9800X3D a 2024 anatsata njira yomweyo.

Phindulo limaoneka kwambiri m'magemu. Pa ntchito monga kumasulira mavidiyo, cache yochulukayo siisintha zambiri. Ndiponso X3D imaonetsa mphamvu zake ikakhala ndi graphics card yamphamvu. Kuiphatikiza ndi khadi yotsika n'kungotaya ndalama, chifukwa khadiyo ndi imene ikhale ikuchedwetsa zonse.

Pa makina a magemu, ndalama ndizigawe bwanji pakati pa pulosesa ndi graphics card?

Zambiri zipite ku graphics card. Pulosesa imakonza chithunzi chilichonse, khadi n'kuchijambula, ndipo wochedwa pa awiriwa ndi amene amalamula liwiro. Timadontho ta chithunzi tikamachuluka kuchoka pa 1080p kupita pa 1440p ndi 4K, katundu wa khadi amalemera kwambiri pomwe wa pulosesa sasintha kwenikweni. N'chifukwa chake pa 4K mapulosesa apakati ndi apamwamba amatulutsa zotsatira zoyandikana.

Pulosesa imafunika kulemeredwa ndalama ngati mumasewera magemu ampikisano pa monita yothamanga kwambiri, kapena magemu oyendetsa mizinda ndi magulu a nkhondo okhala ndi zinthu zambirimbiri zoti ziwerengedwe. Kuti mudziwe amene akuchedwetsa mnzake pa makina amene muli nawo, onani mmene graphics card ikugwirira ntchito gemu ili mkati. Ikakhala pafupi ndi 100 peresenti, pulosesa yanu ikukwanitsa. Ikamatsika kwambiri gemu n'kumadukaduka, pulosesa kapena RAM ndi zimene zikulephera.

TDP ya 65W kapena 125W ikutanthauza magetsi amene pulosesa imadya?

Osati ndendende. Nambalayo ndi chitsogozo cha kutentha kumene choziziritsira chiyenera kuchotsa, ndipo pulosesa imatha kuipitirira ikamathamanga pa boost. Core i5-12400 imalembedwa 65W koma imaloledwa kufika pa 117W. Core i9-14900K imalembedwa 125W koma imafika pa 253W. Walira mvula walira matope: mukasankha pulosesa yotere, mwasankhanso choziziritsira chachikulu, board yolimba, power supply yokulirapo ndi kesi yolowa mpweya wambiri.

Pulosesa ikatentha mopitirira siipsa, imangodzichepetsera liwiro kuti idziteteze. Ndiye munthu amalipira liwiro limene sakulipeza. Ma Ryzen 7000 anapangidwa kuti azifika mpaka madigiri 95 ntchito ikalemera, choncho nambala imeneyo payokha isakuopseni.

Fani ya m'bokosi imakwanira mapulosesa a 65W, ngakhale imasokosa ikalemedwa. Choziziritsira cha mpweya chooneka ngati nsanja chimakwanira pafupifupi mapulosesa onse apakati, ndipo zoziziritsira za madzi sizofunikira pa makina osunga ndalama. Mukagula chapadera, musaiwale kumatula kapulasitiki kamene kamamatidwa kunsi kwake. Ambiri amakaiwala, kenako n'kumadabwa kutentha.

Kodi motherboard yotchipa ingachedwetse pulosesa?

Ingathe, ngati pulosesayo ndi yadyera pa magetsi. Pafupi ndi soketi pali tizipangizo totchedwa VRM, timene timasandutsa magetsi a power supply kukhala oyenera pulosesa. Pa board zotchipitsitsa timakhala tochepa ndipo nthawi zina topanda chitsulo choziziritsira. Tikatentha, liwiro la pulosesa limatsitsidwa. Pa pulosesa ya 65W zimenezi sizivuta kawirikawiri, koma kuika i7 kapena Ryzen 9 pa board yotsikitsitsa n'kusenzetsa mwana katundu wa wamkulu.

Ma board apakati, monga B550, B650 ndi B850 kwa AMD kapena B660 ndi B760 kwa Intel, ndiwo oyenera anthu ambiri. A520, A620 ndi H610 amakwanira makina a mu ofesi. Ma board a X kwa AMD ndi a Z kwa Intel ali ndi madoko ambiri ndi zina zowonjezera, koma sathamangitsa pulosesa wamba.

Musanalipire, lowani pa webusaiti ya opanga board n'kuona mndandanda wa mapulosesa amene imalandira komanso BIOS imene ikufunika. Board ya B450 imafuna BIOS yatsopano kuti iyendetse Ryzen 5000, ndipo ya B660 imafunanso chimodzimodzi pa mibadwo ya 13 ndi 14. Board ikakhala kuti yakhalitsa pa shelefu, mwina ili ndi BIOS yakale, ndipo makina sayaka. Ma board ena ali ndi batani lotchedwa BIOS Flashback, lolola kusintha BIOS ndi fulashi popanda pulosesa. Batani limeneli lapulumutsa anthu ambiri.

Overclocking, kukweza ndekha liwiro la pulosesa, ingandipatse liwiro laulere?

Kale inkatero. Masiku ano mapulosesa amadzikweza okha mpaka pafupi ndi malire awo, choncho chotsalira n'chochepa. Kwa Intel mukufunika pulosesa ya K ndi board ya Z, zonse zodula, ndiye ulerewo palibe. Chimene muyenera kuchita ndi kuyatsa XMP kapena EXPO mu BIOS kuti RAM iyende pa liwiro lolembedwa pa paketi, chifukwa popanda kutero imayenda pa liwiro lotsika.

Ndinamva kuti mapulosesa ena a Intel ankawonongeka. N'zoona?

N'zoona. Mu 2024 Intel anavomereza kuti mapulosesa ena a patebulo a mibadwo ya 13 ndi 14, makamaka amphamvu monga i7 ndi i9, ankalandira voteji yokwera imene inkawafooketsa pang'onopang'ono mpaka magemu ndi mapulogalamu kumangotsekeka okha. Anatulutsa zokonza kudzera mu BIOS ndipo anawonjezera waranti ndi zaka ziwiri. Zokonzazo zimateteza pulosesa yabwinobwino, koma sizichiritsa imene inawonongeka kale. Mukagula yatsopano ya mibadwo imeneyi, ikani BIOS yatsopano tsiku loyamba. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya i7 kapena i9 ya mibadwo iwiriyi, ine sindingaigule popanda waranti. M'badwo wa 12 sunakhudzidwe.

Kugula pulosesa yogwiritsidwapo kale ntchito n'kwanzeru?

Mwa zipangizo zonse za kompyuta, pulosesa ndi imodzi mwa zosafa msanga, poti ilibe chozungulira kapena chotha ndi kukhuzika. Choncho ikhoza kukhala njira yabwino yosungira ndalama, bola muione ndi maso. Ma Ryzen a AM4 ali ndi timapini kunsi kwawo: tiyang'aneni powala, mupendeketse pulosesayo, muone ngati palibe kopindika kapena kothoka. Pa Intel ndi pa AM5 timapinito tili mu soketi ya board, ndiye chofunika kuunika kwambiri ndi board. Ngati n'kotheka, ioneni ikugwira ntchito, mutsegule pulogalamu ya CPU-Z kuti mutsimikize kuti dzina la mkati likugwirizana ndi lolembedwa pamwamba, kenako muilemetse ntchito kwa mphindi zingapo. Pewani zolembedwa kuti ES kapena Intel Confidential. Zimenezo ndi zoyeserera za ku fakitale, zosayenera kugulitsidwa, ndipo ma board ambiri amazikana.

Pali malire a ukale amene simuyenera kuwadumpha ngati mukufuna Windows. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndipo, kupatula zochepa chabe, imalandira Intel kuyambira m'badwo wa 8 ndi Ryzen kuyambira gulu la 2000. Microsoft anasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Ma Xeon akale a m'maseva, amene amagulitsidwa pa intaneti pamodzi ndi ma board a X99, amakopa chifukwa cha ma core ambirimbiri pa mtengo wotsika, koma core iliyonse ndi yochedwa, amadya magetsi, ndipo sali pa mndandanda wa Windows 11. Kwa wodziwa chimene akuchita, woyendetsa Linux, ndi zoseweretsa zabwino. Kwa womanga koyamba, ayi.

Ma benchmark, mayeso a liwiro, ndiziwakhulupirira?

Akhulupirireni pa chimene akuyeza. Cinebench imayeza ntchito yojambula 3D, ndipo imapereka manambala awiri: ya core imodzi ndi ya ma core onse. Yoyambayo imakuuzani zambiri za kufulumira kwa makina pa ntchito wamba, yachiwiriyo za ntchito zogawika. Nambala yaikulu ya ma core onse siikutanthauza kuti gemu yanu ithamanga.

Fufuzani mayeso a pulogalamu kapena gemu imene inuyo mumagwiritsa ntchito, ochokera kwa oyesa awiri kapena atatu osiyana. Pa magemu musangoona avereji ya FPS (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi), onaninso nambala yotchedwa 1% low, imene imasonyeza mmene gemu imatsikira pa nthawi zovuta. Ndi imene imasiyanitsa gemu yosalala ndi yodukaduka. Kumbukiraninso kuti oyesa amagwiritsa ntchito dala graphics card yamphamvu kwambiri pa 1080p kuti kusiyana kwa mapulosesa kuonekere. Ndi khadi yanu yapakati, kusiyanako kudzachepa, mwinanso kutheratu.

Ndidikire m'badwo wotsatira?

Ngati watsala milungu yochepa kuti utuluke, dikirani, chifukwa ngakhale musaugule, mitengo ya wakale imatsika kawirikawiri. Ngati kudakali miyezi yambiri ndipo makina mukuwafuna lero, gulani. Wotsatira amakhalapo nthawi zonse.

Ndasankha pulosesa yapakati ndipo ndalama zatsalako pang'ono. Ndiziike pati?

Choyamba pa SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, ngati munalibe. Makina ambiri amene eni ake amadandaula kuti pulosesa yakalamba amachedwa chifukwa cha hard disk, ndipo SSD ya NVMe imasintha kayatsidwe ka Windows ndi katsegulidwe ka mapulogalamu kuposa kudumpha kuchoka pa i5 kupita pa i7. Kenako pa RAM: 16GB ndi poyambira pabwino, 32GB ngati mumakonza mavidiyo kapena kusewera magemu atsopano olemera. Gulani timitengo tiwiri tofanana osati kamodzi kakakulu, kuti pulosesa iziwerenga pa njira ziwiri nthawi imodzi. Pa AM4, DDR4-3200 kapena 3600 imakwanira, ndipo pa AM5 ambiri amasankha DDR5-6000. Zikatsalabe, zipite pa power supply ya kampani yodziwika, chifukwa yachinyengo ikaphulika imatha kupita ndi board ndi pulosesa yomwe.

Pa board ya malo anayi a RAM, timitengo tiwirito sitiikidwa mogundizana. Kawirikawiri timalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku pulosesa, olembedwa A2 ndi B2, koma tsegulani kabuku ka board yanu mutsimikize musanakanikize.